Udzudzu Woluma Masana, Mavu Odya Njuchi: Munthu Adziteteze Bwanji?

Zaka makumi atatu zapitazo, dokotala wa ku Nice kapena ku Rome akalandira munthu wodwala dengue, funso lake loyamba linkakhala lakuti wodwalayo wachokera kudziko liti, chifukwa nthendayi inkadziwika kuti ndi ya kumayiko otentha. Masiku ano yankho likhoza kukhala lakuti sanapite kulikonse, walumidwa atakhala pakhonde pa nyumba yake. Nayenso mlimi wa njuchi wa kummwera chakumadzulo kwa France, ikafika August ndi September, amaima pafupi ndi ming'oma yake n'kumaona mavu akuda a miyendo yachikasu akuwakha njuchi pakhomo penipeni pa mng'oma. Udzudzu wa mizere yoyera umene asayansi amautcha Aedes albopictus, ndi mavu otchedwa Vespa velutina, kwawo ndi ku Asia, ndipo ku Ulaya anafikako atabisala m'katundu wamalonda. Mantha amene abweretsa ndi omveka. Vuto ndi lakuti mantha amathamangitsira anthu ku zida zolakwika, monga mankhwala opopera, misampha ya m'mabotolo ndi moto. Chimene ndikufuna kusonyeza n'chakuti chitetezo chimayambira pa kudziwa nthawi imene kachilombo kamakhala kopanda mphamvu pa moyo wake, ndipo kuti pa nthawi imeneyo munthu mmodzi sakwanira. Pa udzudzu pamafunika manja a khomo lililonse mlungu ndi mlungu. Pa mavu manjawo ayenera kukhala kutali, ntchito igwiridwe ndi maso komanso foni.

Mphamvu ya udzudzu umenewu ili m'dzira lake. Waukazi suikira pamadzi penipeni ayi. Umamata mazira m'mbali mwa chiwiya, pamwamba pang'ono pa pamene madzi alekeza. Mazirawo amatha kuuma miyezi ingapo osafa, ndipo mtundu umene unakhazikika ku Ulaya umagona m'dzira nyengo yonse yachisanu, n'kudzaswa kukafunda madzi akafika. Tayala lakale ndiye malo abwino kwambiri kwa dzira lotere, chifukwa ndi lakuda, limasunga kutentha, ndipo ngakhale mutalitembenuza chotani madzi satheramo. Malonda a matayala ogwiritsidwa kale ntchito ndi amene anaufalitsa padziko. Unapezeka ku Albania mu 1979, ku Houston m'dziko la America mu 1985, ku Genoa m'dziko la Italy mu 1990, ndipo mu 2004 unakhazikika ku Menton, tawuni ya France yoyandikana ndi malire a Italy. Kuchokera pamenepo unayamba kuyenda pa galimoto: umalowa munthu akatsegula chitseko, n'kukatsikira makilomita mazana ambiri kutsogolo. Pofika kumayambiriro kwa 2025 unali utakhazikika m'zigawo 81 mwa zigawo 96 za France. Bungwe loona za matenda ku Ulaya la ECDC linanena chaka chomwecho kuti unali m'mayiko 16 ndi m'madera 369, pamene zaka khumi m'mbuyomo madera ake anali 114. Ku Britain mazira ake anapezeka ku Kent mu 2016, pamalo opumirapo magalimoto ochokera ku France, ndipo akuluakulu a zaumoyo akhala akutchera misampha ya mazira m'madoko ndi m'misewu ikuluikulu kuti usakhazikike. Kutentha kwa dziko kukuuthandiza, popeza nyengo yoswana ikutalika ndipo chisanu chikucheperako mphamvu, koma chimene chinaunyamula ndi sitima, lole ndi galimoto.

Munthu amene anakulira ku Malawi, ku Zambia kapena ku Tete amadziwa udzudzu kuposa mzungu wa ku Lyon, koma zimene akudziwazo zikhoza kumusocheretsa. Ife tinaphunzira za Anopheles, wofalitsa malungo, umene umaluma usiku ndi kuswana m'zithaphwi, m'madambo ndi m'mapondedwe a ng'ombe. Chida chake ndi neti yonyikidwa m'mankhwala, ndipo chidacho chapulumutsa ana ambirimbiri. Aedes albopictus umachita zosiyana pafupifupi pa chilichonse. Ndi waung'ono, wakuda, uli ndi mzere umodzi woyera pamsana ndi timizere toyera m'miyendo. Umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, nthawi zambiri panja, ndipo umakonda akakolo ndi miyendo. Dambo sulifuna, madzi a m'chitini chimodzi aukwanira. Choncho Mmalawi wokhala ku Marseille, ku Barcelona kapena ku Milan akhoza kugona mu neti usiku uliwonse n'kulumidwabe kangapo popita kukakwera basi. Neti sinathe ntchito: khanda logona masana liyenera kukhala mu neti, chimodzimodzinso wodwala dengue, kuti udzudzu usatenge nthenda pa iye. Koma kwa munthu woyendayenda, chitetezo cha usiku sichimufikira pa nthawi imene akulumidwa.

Mfundo ina imene anthu ambiri saimvetsa ndi yakuti udzudzuwu nthawi zambiri sukhala ndi nthenda. Umayamba waluma munthu amene ali ndi vairasi m'magazi, vairasiyo n'kuchulukana m'thupi mwake masiku angapo, kenako ndi pamene ungapatsire wina. Zimene zinachitika m'chigawo cha Ravenna ku Italy mu 2007 zikuonetsa bwino. Munthu wina wochokera ku India anafika ali ndi nthenda ya chikungunya m'midzi iwiri yoyandikana, Castiglione di Cervia ndi Castiglione di Ravenna, kumene udzudzuwu unali utachuluka kale. M'milungu yochepa anthu oposa 200 anadwala, ndipo aka kanali koyamba kuti nthendayi ifalikire yokha ku Ulaya. Izi zisanachitike, pachilumba cha Réunion, mu 2005 ndi 2006, chikungunya inagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, ndipo kumeneko vairasiyo inasintha pang'ono m'njira yoti izitha kukwera bwino udzudzu womwewu. Dengue yogwira munthu amene sanayende inaoneka koyamba ku France mu 2010, mumzinda wa Nice. Mu 2024 anthu otere anapitirira 80 ku France ndi 200 ku Italy, ndipo mu 2025, mliri utabukanso ku Réunion, ku France anthu mazana angapo anatenga chikungunya ali kwawo. Apa pali udindo umene apaulendo sauganizira kawirikawiri. Munthu wobwera kuchokera kumene kuli dengue kapena chikungunya ayenera kupitiriza kudzola mankhwala othamangitsa udzudzu kwa milungu iwiri kapena itatu atafika, ngakhale akumva bwino m'thupi, chifukwa ambiri otenga dengue saonetsa zizindikiro koma amatha kuupatsira udzudzu. Amene akutetezedwa pamenepa ndi anansi ake.

Nthendazi zilibe mankhwala ophera vairasi, choncho kudziwa zizindikiro n'kofunika. Dengue imayamba ndi kutentha thupi kwadzidzidzi, mutu, kupweteka kuseri kwa maso, kuphwanya m'thupi, nthawi zina ndi zidzolo. Ambiri amachira pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Nthawi yoopsa imafika pamene thupi layamba kuzizira, wodwala n'kumaganiza kuti wachira: akamva m'mimba kupweteka kwambiri, akamasanza mosalekeza, magazi akamatuluka m'nkhama kapena m'mphuno, kapena akafooka kwambiri, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala ochepetsa ululu akhale panado; aspirin ndi ibuprofen zimawonjezera ngozi yotaya magazi. Mavairasi a dengue alipo mitundu inayi, ndipo amene wadwala kachiwiri ndi mtundu wina amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa poyamba. Chikungunya siipha kawirikawiri, koma imapweteketsa mfundo za manja ndi miyendo kotero kuti ena amavutika miyezi kapena zaka, ndipo kwa munthu wodya thukuta la manja ake limenelo si vuto laling'ono. Kwa amene wabwera kuchokera ku Africa kuno thupi n'kutentha, malungo ayenera kuyezedwa poyamba ndiponso mwamsanga, pakuti iwo amapha m'masiku ochepa.

Tsopano pamene udzudzuwu uli wopanda mphamvu. Kukatentha, dzira limasanduka mphutsi, mphutsi n'kusanduka udzudzu wouluka m'masiku asanu ndi awiri mpaka khumi, ndipo masiku onsewo kachilomboka kamakhala m'madzi, kosatha kuthawa. Ukakula suuluka patali; moyo wake wonse umathera m'kati mwa mamita pafupifupi 150 kapena 200 kuchokera pamene unaswedwa. Tanthauzo lake n'lakuti udzudzu umene wakulumani unabadwira pakhomo panu kapena pa khomo loyandikana nalo. N'chifukwa chake malangizo a akuluakulu a zaumoyo ku France, Italy ndi Spain amabwerera pa chinthu chimodzi chimene chimaoneka chopepuka: kamodzi pa mlungu, zungulirani nyumba, khuthulani madzi alionse ongokhala. Timbale ta pansi pa miphika ya maluwa, ndowa, zidole za ana, mbale zomwera agalu, lona lopindika, ngalande za padenga zotsekeka ndi masamba, matayala. Kukhuthula kokha sikukwanira, chifukwa mazira amatsala atamatirira m'mbali. Chiwiyacho chikwechedwe, kenako chivundikiridwe kapena chisungidwe pouma. Mgolo wosungira madzi a mvula utsekedwe ndi chivundikiro chothina kapena nsalu ya neti yomangidwa bwino. M'matauni ambiri a ku Italy anthu amauzidwa kuti m'mitsuko ya maluwa ya kumanda aziikamo mchenga wonyowa m'malo mwa madzi, popeza manda ndi amodzi mwa malo amene udzudzuwu umaswana kwambiri. Pamene madzi sangachotsedwe, monga m'maenje a ngalande za mumsewu, amathiramo mankhwala ochokera ku bakiteriya yotchedwa Bti, amene amapha mphutsi za udzudzu osavulaza nsomba, njuchi kapena anthu.

Zodzitetezera pathupi zili ndi malo ake, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimatayika. Mankhwala odzola amene anayesedwa n'kupezeka kuti amagwira ntchito ndi amene ali ndi DEET, icaridin, IR3535 kapena PMD yochokera ku mtundu wina wa bulugamu. Dzina la chimodzi mwa izi liyenera kuoneka pabotolo, ndipo kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndi bwino kutsatira zolembedwapo kapena kufunsa ku famase. Zovala zikhale zazitali, zotayirira, zowala, chifukwa udzudzuwu umaboola nsalu yothina. Mawindo a sefa amathandiza, nayonso fani, pakuti udzudzu sutha kuuluka bwino pamphepo. Timakina tolira kamawu kosamveka, zibangili zonunkhira ndi nyale zamagetsi zowotcha tizilombo sizinasonyeze kuti zimateteza munthu, ndipo nyalezo zimapha kwambiri tizilombo tina tosalakwa.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kuzungulira: boma lingopopera mankhwala m'tawuni yonse, nkhani ithe. Maganizowa ndi okopa chifukwa utsi wa mankhwala umaoneka ndi maso, anthu n'kumva kuti china chake chachitika. Koma kupopera kumapha udzudzu wouluka wokha, umenenso wafikiridwa. Mazira ndi mphutsi zimatsala, ndipo pakatha mlungu gulu latsopano latuluka. Mankhwala ogwiritsidwa ntchito ndi a m'gulu la pyrethroid, omwe amaphanso njuchi ndi tizilombo tina tonyamula mungu. Choopsa kwambiri n'chakuti udzudzu ukamakumana ndi mankhwala amodzimodzi kawirikawiri umayamba kuwapirira. Ife sitifunika kuuzidwa zimenezi: Anopheles funestus wa kummwera kwa Africa anasiya kumva mankhwala amenewa, mpaka panafunika maneti a mtundu watsopano. Ku Italy zizindikiro za kupirira komweku zapezeka kale mwa Aedes albopictus. N'chifukwa chake ku France kupopera amakusungira nthawi imene papezeka wodwala: amafufuza kumene anayenda, n'kupopera usiku m'dera laling'ono lozungulira malowo, kuti aphe udzudzu umene mwina watenga kale vairasi. Ndikuona kuti nzeru yake ndi yolondola. Chida chimene chimatha mphamvu mukachigwiritsa ntchito pafupipafupi chiyenera kudikira tsiku la mliri.

Kutsutsa kwina n'kolemera kuposa kumeneku, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Ena amati kuuza anthu kuti azikhuthula timbale ndi njira ya boma yothawira udindo n'kuukankhira kwa mayi wa pakhomo. Pali choona. Munthu akhoza kusesa pakhomo pake bwinobwino, koma kuseri kwa mpanda kuli nyumba yosiyidwa, malo omangapo nyumba odzaza migolo, mulu wa matayala kapena ngalande ya khonsolo. Kumeneko iye alibe mphamvu yolowako. Ndiponso amene amasunga madzi m'migolo nthawi zambiri amatero chifukwa mpopi wake ndi wouma, ndipo kumudzudzula popanda kukonza mpopiwo ndi kupanda chilungamo. Palinso njira zimene boma lokha ndi mabungwe ofufuza angathe. Ku Italy akhala akuyesa kumwaza udzudzu waumuna wofulidwa kuti mazira asaswe. Ku Yogyakarta m'dziko la Indonesia, kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti kumwaza udzudzu wina wofalitsa dengue, Aedes aegypti, wokhala ndi bakiteriya ya Wolbachia kunachepetsa dengue ndi 77 peresenti m'madera amene anayesamo. Komabe kutsutsaku sikuchotsa mfundo yoyamba ija. Malo ambiri oswanirana ali m'mipanda ya anthu, kumene khonsolo singafike mlungu uliwonse ngakhale italemba antchito ochuluka bwanji. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu ukukhudza mbali zonse ziwiri: khomo limodzi losasamala limalumitsa mzere wonse wa nyumba, ndipo mzere wonse wosamala ukhoza kugonjetsedwa ndi ngalande imodzi ya khonsolo.

Nkhani ya mavu inayamba ndi kachinthu kochepa kwambiri. Anaonekera koyamba m'chigawo cha Lot-et-Garonne ku France cha m'ma 2004, ndipo akuganiziridwa kuti anabwera m'katundu wa miphika yadothi yochokera ku China. Ofufuza atayeza chibadwa cha mavu a ku France anapeza kuti mwina onse anachokera kwa mfumukazi imodzi yokha. Anafika ku Spain mu 2010, ku Portugal mu 2011, ku Italy mu 2012, ku Germany mu 2014, ndipo chisa choyamba ku Britain chinapezeka ku Tetbury mu 2016. Moyo wawo umayenda ndi chaka. Mfumukazi imagona nyengo yachisanu, ikadzuka imamanga yokha kachisa kakang'ono ngati lalanje pansi pa denga, m'shedi kapena m'galaja. Antchito akachuluka, banjalo nthawi zambiri limasamukira m'mwamba mwa mtengo n'kumanga chisa chachikulu chozungulira, chimene chimatha kukula mpaka kuyandikira mita imodzi ndi kutulutsa mavu zikwi zambiri pa nyengo imodzi. Chaka chikamatha, chisa chimodzi chimatulutsa mafumukazi atsopano mazanamazana. Ofufuza a ku France anawerengera kuti chisa chimodzi chimadya pafupifupi makilogalamu 11 a tizilombo pachaka, ndipo njuchi ndi gawo lalikulu. Kuwonongeka kwa mng'oma sikuchokera ku njuchi zogwidwa zokha. Mavu akamazungulira pakhomo, njuchi zimaopa kutuluka, zimasiya kutuntha chakudya, ndipo mng'oma umalowa m'chisanu uli wofooka ndi wanjala. Njuchi za ku Asia zinaphunzira kuunjikana pa mdaniyu mpaka afe ndi kutentha, koma za ku Ulaya sizidziwa bwino kutero.

Pa za thanzi la munthu, tiyenera kuyeza bwino. Mavu amenewa akakhala kutali ndi chisa, akusaka chakudya pa maluwa kapena pa chipatso, sachita ukali kuposa mavu ena, ndipo ululu wa mbola imodzi suposa wa mavu akuluakulu a ku Ulaya komweko. Kwa anthu ambiri kulumidwa kamodzi ndi kupweteka ndi kutupa basi: tsukani, ikanipo chozizira, vulani mphete ngati ndi padzanja. Ngozi ili patatu. Poyamba, munthu amene thupi lake limadana ndi ululuwu akhoza kufa ndi mbola imodzi. Ngati pakangopita mphindi zochepa nkhope, milomo kapena khosi zayamba kutupa, akubanika, akuchita chizungulire kapena zidzolo zatuluka thupi lonse, imbani nambala yangozi, 112 ku Ulaya kapena 999 ku Britain, ndipo ngati ali ndi jakisoni wa adrenaline abayidwe pantchafu mosazengereza. Amene zinamuchitikirapo akaonane ndi dokotala, chifukwa pali chithandizo chozoloweretsa thupi ululuwo pang'onopang'ono chimene chimagwira ntchito bwino. Kachiwiri, kulumidwa m'kamwa kapena pakhosi kukhoza kutseka mpweya kwa aliyense. Kachitatu, mbola zambiri nthawi imodzi zimatha kuwononga impso, ndipo zimenezi zimachitika chisa chikasokonezedwa, pakuti mavu sataya mbola ngati njuchi, amaluma mobwerezabwereza, ndipo fungo la ululu wawo limaitana anzawo. Ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa Spain, kumene achuluka kwambiri, anthu angapo afa, kawirikawiri amuna ogwira ntchito kumunda amene anagunda chisa chobisika m'tchire kapena pansi ndi makina otchetchera. Choncho musanadule mpanda wa maluwa, musanatchetche kapena kukwera padenga, imani mphindi zingapo muone ngati pali mavu olowa ndi kutuluka pamalo amodzi. Mukaputa chisa mwangozi, thawani molunjika mutaphimba kumaso, osakupiza manja.

Apa m'pamene langizo likusiyana ndi la udzudzu. Chisa chachikulu si cha munthu wamba. Kuchiwotcha, kuchithira madzi, kuchigenda kapena kuchiwombera kumabalalitsa mavu okwiya, ndipo mfumukazi ikapulumuka banja limakamanga pena. Enanso avulala pogwa pamakwerero kapena kuyatsa nyumba. Choyenera ndi kuima patali mamita osachepera asanu, kujambula chithunzi ngati n'kotheka, n'kudziwitsa khonsolo kapena oyang'anira. Ku Britain kuli pulogalamu ya pafoni yotchedwa Asian Hornet Watch. Chithunzicho n'chofunika chifukwa malipoti ambiri amakhala a tizilombo tina, kuphatikizapo mavu a ku Ulaya, Vespa crabro, amene ndi okulirapo, achikasu kwambiri kumimba, ndipo ali ndi ntchito yawo m'chilengedwe. Mkangano waukulu uli pa misampha ya m'mabotolo yothiramo mowa ndi zotsekemera, imene anthu ambiri ku France amatchera kuchiyambi kwa chaka kuti agwire mafumukazi. Asayansi a ku Muséum national d'Histoire naturelle ku Paris akhala akuchenjeza kuti misampha yosasankha yotere imapha makamaka ntchentche, agulugufe ndi tizilombo tina, mavu ofunidwawo n'kukhala kachigawo kochepa zedi ka zogwidwa. Alimi a njuchi amayankha kuti iwo sangangopinda manja ming'oma ikutha, ndipo kulira kwawo n'komveka. Yankho labwino likuoneka kuti lili pakati: misampha yokhala ndi timabowo totulukira tizilombo ting'onoting'ono, yoikidwa pafupi ndi ming'oma imene ikuvutitsidwa ndi kuyang'aniridwa, pamodzi ndi sefa wotchinga pakhomo pa mng'oma kuti njuchi zizituluka mosaopa. Botolo la mowa m'munda uliwonse ndi nkhani ina.

Umboni woti kunena msanga kumagwira ntchito ulipo. Ku France zaka zoyambirira zinadutsa popanda dongosolo lamphamvu la dziko lonse, ndipo lero palibe amene akulankhula zothetsa mavuwa. Nkhani yatsala ndi yochepetsa kuwononga. Pachilumba cha Mallorca anapezeka mu 2015, anthu anapemphedwa kunena akawaona, magulu ophunzitsidwa anatsatira mavu mpaka ku zisa zawo, ndipo mu 2020 analengeza kuti gulu limenelo lathetsedwa. Ku Washington State m'dziko la America, mtundu wina waukulu kwambiri, Vespa mandarinia, unaoneka mu 2019. Ofufuza anamangirira timawailesi pa mavu ogwidwa, anapeza ndi kuwononga zisa zinayi mu 2020 ndi 2021, ndipo mu December 2024 boma linalengeza kuti watha. Ku Britain ogwira ntchito a National Bee Unit amatsatira lipoti lililonse lodalirika. Wokayika anganene kuti kumeneko akungochedwetsa zimene zidzachitikebe, popeza mu 2023 mokha anawononga zisa 72, zambiri ku Kent, ndipo mafumukazi apitiriza kuwoloka kuchokera ku France. Mwina ndi momwemo. Koma dziko limene linaona chisa choyamba mu 2016 n'kukhalabe likuwerenga zisa chimodzichimodzi patapita zaka zonsezi lapindula kale: njuchi zake zakhala zikugwira ntchito, ndipo njira zofufuzira zisa zapita patsogolo pa nthawi imeneyo.

Funso limene wowerenga wa kuno ali ndi ufulu wofunsa ndi lakuti: n'chifukwa chiyani tidandaule ndi anthu mazana angapo odwala ku Ulaya pamene malungo anapha anthu pafupifupi 597,000 mu 2023, ochuluka zedi a ku Africa? Kuyerekeza kumeneku n'koona, ndipo aliyense wolemba za udzudzu wa ku Ulaya ngati tsoka lalikulu la dziko ayenera kukumbutsidwa. Koma njira imene udzudzu unafikira ku Genoa ikugwiranso ntchito ku Africa, ndipo kuno mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Anopheles stephensi, wofalitsa malungo m'mizinda ya ku India ndi ku Arabia, anapezeka ku Djibouti mu 2012. Chaka chimenecho dzikolo linali ndi odwala malungo 27 okha, litatsala pang'ono kuthetsa nthendayi. Pofika 2020 odwala anapitirira 70,000. Udzudzuwu unaonekanso ku Ethiopia ndi ku Sudan mu 2016, ku Somalia mu 2019, ku Nigeria mu 2020, ku Kenya ndi ku Ghana mu 2022. Mumzinda wa Dire Dawa ku Ethiopia unabutsa malungo mu 2022 m'nyengo yopanda mvula, chifukwa umaswana m'matanki, m'migolo ndi m'zitsime zomangidwa ndi simenti, zimene sizidikira dzinja. Umapirira mankhwala ambiri ogwiritsidwa ntchito pa maneti ndi popopera m'nyumba. Kafukufuku wa mu 2020 anayerekeza kuti ukafalikira m'mizinda yonse yoyenerana nawo, anthu ena 126 miliyoni a ku Africa akhoza kulowa pachiopsezo, ndipo bungwe la WHO linachenjeza mayiko mu 2019.

Mizinda yathu ili ndi zonse zimene udzudzu wa m'chiwiya umafuna. Ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Kanyama mabanja amasunga madzi m'migolo ndi m'zigubu chifukwa mpopi sudalirika, omanga nyumba amasiya matanki osavundikira miyezi yambiri, ndipo matayala akale ali paliponse, ena pamwamba pa malata. Aedes aegypti, wofalitsa dengue wamkulu padziko lonse, kwawo ndi ku Africa konkuno, ndipo dengue inabuka ku Dar es Salaam mu 2014 ndi 2019, ku Pemba ndi ku Nampula mu 2014. Amenewa ndi malo amene malole athu amadutsa kapena kuyandikira potenga mafuta, feteleza ndi katundu wina. Zimene zingachitike n'zodziwika ndipo si zodula kwambiri. Alangizi a zaumoyo amene amayendera makomo pa nkhani ya ukhondo angathe kuwonjezera kuyang'ana m'migolo ndi kuphunzitsa kuvundikira ndi kukwecha mlungu uliwonse. Zipatala zikhale ndi njira yoyezera dengue kwa munthu amene thupi latentha koma malungo sanapezeke, m'malo momupatsa mankhwala a malungo a LA mongoganizira. Ndipo ofufuza za udzudzu, amene ntchito yawo yambiri yakhala ya kumidzi ndi kumadambo, apatsidwe ndalama zotengera mphutsi m'matanki ndi m'matayala pa zipata za Songwe, Mwanza, Dedza ndi Mchinji, komanso m'malo oimika malole ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo m'chilimwe.